Mpweya wopanda fungo umene unatsala pang'ono kutitenga ku Ulónguè

Mwezi wa June ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, kumazizira moti madzi a mu ndowa amaluma zala m'mawa. Ine ndi msuweni wanga tinkakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa mbatatesi pamsika, poti kumudzi kwathu kunali kutali ndi sekondale. Ine ndinali ndi zaka 15, iye 16. Tsiku limenelo tinaphika nsima panja, tinadya, ndipo makala atafiira bwino, utsi wonse utatha, tinanyamula mbaula n'kuilowetsa m'nyumba. Chitseko tinatseka, mpata wa pansi pake tinatsekapo chiguduli. Pazenera, pomwe galasi linasweka kalekale, panali pomata katoni. Tinkatsatira zomwe tinamva kwa anzathu onse, zoti choopsa ndi utsi, makala ofiira alibe vuto.

Mawa lake kunali mayeso a Química (Chemistry), ndipo kope langa linali pamwendo, lotsegula pa mutu wa óxidos, kapena kuti okusaidi. Aphunzitsi anatilembetsa magulu anayi, ife n'kumawaloweza ngati nyimbo: básicos (a besi), ácidos (a asidi), anfóteros (a mbali ziwiri), neutros (opanda mbali). Pansi pa gulu lomalizalo ndinalemba mipweya itatu, CO (carbon monoxide), NO ndi N2O, ndipo pambali pake ndinadzilembera ndi pensulo m'Chichewa kuti ndisaiwale: "opanda mbali, ofatsa." Aphunzitsi sananene kuti ndi ofatsa. Iwo anati salimbana ndi asidi, salimbananso ndi besi, yemwe ndi wotsutsana ndi asidi, motero sapanga mchere. Zoti ofatsa ndinawonjezera ndine, poti kwa ine wosayamba ndewu anali wofatsa basi.

Mutu unayamba cha m'ma 10 koloko, kuwawa kwa pamphumi kokhala ngati wina wakumanga lamba. Ndinkati ndi kuwerenga. Msuweni wanga anati akumva nseru, n'kugona osavula nsapato. Ndimakumbukira kuti ndinafuna kudzuka ndikamwe madzi, miyendo n'kukana. Mantha sindinachite ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi ndiye chimandiwawa mpaka lero ndikaganiza za ana a anthu ena. Mpweya wa CO wotuluka m'makala umayamba wakulanda nzeru zoti uthawe.

Anatipulumutsa ndi matumba awiri a mbatatesi. Mayi mwini nyumba anali atawasungiza m'chipinda mwathu, ndipo galimoto yopita ku Tete inafika msanga, 12 koloko isanakwane. Anagogoda, zii. Anagogodanso, kenako n'kukankha chitseko ndi phewa. Zotsatira zake ndinachita kumva: kuti anatikoka miyendo mpaka pabwalo, kuti ankakuwa "Ana inu, mufuna kundifera pakhomo?", kuti adalaivala anatsitsa katundu n'kukweza ife. Ndinatsitsimuka kuchipatala ndili ndi chopumira cha okosijeni kumaso. Msuweni wanga anagonekedwa masiku atatu, ndipo mutu unamuvutitsa miyezi yambiri.

Lero ndine mlangizi wa zaulimi. Ndimayenda pa njinga yamoto m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano, ndipo kope lija ndikadali nalo. Ndikalitsegula ndimaona kuti magulu onse anayi aja tinali nawo pakhomo pathu, m'khitchini, pakhoma, kumunda, koma palibe anandiuza kuti zomwe ndikuloweza m'Chipwitikizi ndi zomwe agogo amagwira ndi manja tsiku ndi tsiku.

Okusaidi ndi chinthu chomwe chimapangika okosijeni akalumikizana ndi elementi ina imodzi. Okosijeniyo ali paliponse. Mu mpweya womwe timapuma alimo magawo 21 pa 100 aliwonse, ndipo miyala ndi dothi zomwe timapondazi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi iyeyo. Mchenga wa mu mtsinje wa Revúbuè ndi okusaidi wa silikoni. Madzi enieniwa ndi okusaidi wa haidrojeni. Lamulo lake lalikulu n'losavuta: zitsulo zikapsa ndi okosijeni nthawi zambiri zimabala okusaidi wa besi, pomwe zosakhala zitsulo, monga kaboni, salifa ndi fosifolasi, zimabala wa asidi. Awiriwa akakumana amathetsana ukali, n'kutsala mchere.

Agogo anga aakazi sanapondeko m'kalasi, koma besi ankamudziwa ndi zala. Tikakolola ankasunga zitsononkho ndi makoko a nyemba, n'kuziwotcha pazokha pamalo posesa, osasakaniza ndi phulusa la pamafuwa. Phulusa loyeralo ankalithira m'chimphika chakale chobowola pansi, atayalamo kaye udzu, n'kuthira madzi pang'onopang'ono. Pansi pake ankatchera kambale. Madzi ankadontha ofiirira ngati tiyi wosapsa. Akatero ankaviika chala n'kutikita ndi chinzake. "Bwera kuno mwanawe, gwira. Akaterera chonchi ndiye chidulo chakwana." Kenako kadontho pansonga ya lilime, nkhope n'kukwinyika, thelele n'kupita pamoto.

Zomwe zimachitika n'zakuti chimanga ndi nyemba zili m'munda zimakoka potaziyamu, kashiamu ndi maginiziyamu m'nthaka. Moto umauluza kaboni ndi haidrojeni, koma zitsulo zitatuzi siziuluka. Zimatsala m'phulusa, zina ngati okusaidi, CaO wa kashiamu ndi MgO wa maginiziyamu, zina, makamaka potaziyamu, zitagwirana kale ndi carbon dioxide n'kukhala kaboneti. Madzi akadutsamo amatenga kaboneti wa potaziyamuyo, ndiye chidulo chimenecho. Kuterera kuja ndi besi akudya mafuta a pakhungu pako n'kuwasandutsa sopo. Ukali womwewo ndi umene umafewetsa chigwada msanga, nkhuni zosatha zambiri, ndiponso umasunga kubiriwira kwa masamba. Koma umawononganso vitamini C ndi B1. Ine sindiuza amayi a m'midzi kuti asiye chidulo, thelele lopanda chidulo si thelele. Ndimangowapempha kuti chisalowe m'ndiwo zonse, nkhwani ndi mpiru wanthete zizipsa zokha, makamaka zomwe akudya ana.

Panali lamulo limodzi lomwe agogo sankanyengerera nalo munthu: ndiwo za chidulo m'mphika wadothi, osati m'sefuliya. Amayi atangokwatiwa kumene analakwitsa kamodzi, sefuliya yatsopano n'kuda mkati, pansi pake n'kuchita timaenje ngati nthomba. Agogo ankati chidulo chimadya sefuliya, ndipo ankanena zoona. Aluminiyamu ndi chitsulo chokonda okosijeni kwambiri, moti ukangomupala, pomwepo pamamera kachikopa kopyapyala ka okusaidi wake, Al2O3, kosaoneka ndi maso, komwe kamateteza chitsulo cha mkati. N'chifukwa chake sefuliya sichita dzimbiri ngati khasu. Koma kachikopako ndi ka gulu lija la anfóteros, la mbali ziwiri: kakakumana ndi asidi kamachita ngati besi, kakakumana ndi besi kamachita ngati asidi, ndipo konsekonse kamasungunuka. Phikani tomato wambiri m'sefuliya yakuda muone mmene imawalira mpaka pomwe panalekeza msuzi. Zinki wa pamalata nayenso okusaidi wake ndi wa gulu lomweli, ndipo ndi ufa woyera womwewo umene uli m'mafuta opaka makanda akasupuka ndi thewera. Dziko lathu limaudziwa bwino Al2O3: fakitale ya Mozal kufupi ndi Maputo inayamba kusungunula aluminiyamu mu 2000, ufa wake woyera ukuchokera ku Australia, ndipo kuti okosijeni alekane ndi chitsulocho pamafunika magetsi ochuluka zedi. Umo ndi mmene awiriwa amagwiranirana.

Besi waukali kwambiri yemwe ndinamuona ndi maso ndili mwana ndi njereza. Khirisimasi ikamayandikira bambo ankabwera ndi zibuma zoyera m'thumba, n'kuziika m'mgolo wodula pakati. Asanathire madzi ankatithamangitsa: "Talikirani ana inu, maso!" Madzi ozizira a pachitsime akangogwera, mgolo unkayamba kulira, nthunzi tolotolo, phala loyera likubwadamuka popanda nkhuni ngakhale imodzi pansi pake. Ndinkayesa matsenga. Zibumazo ndi CaO, wochokera ku mwala wa laimu wowotchedwa pa madigiri pafupifupi 900 mpaka carbon dioxide atatulukamo. Akamwa madzi amasanduka Ca(OH)2, ndipo kutentha kumatuluka pomwepo. Chokongola chake chimabwera pakhoma. Popaka imaoneka yotuwa, yamadzimadzi, ngati wangonyowetsa khoma, koma ikamauma imayera mbee, ndipo m'masiku otsatira imakoka carbon dioxide mu mpweya n'kubwerera kukhala mwala womwe unawotchedwa uja. Besi wa pakhoma ndi okusaidi wa asidi wa mu mpweya akumana, mchere wake ndi khoma loyera la nyumba yathu.

A asidiwo ndinawadziwa bwino nditapita ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha. Carbon dioxide ndi asidi wofooka, ndi amene amaluma lilime mu zakumwa za m'botolo, ndipo ndi amene amachititsa kuti ngakhale mvula yoyera bwanji ikhale ndi kaasidi pang'ono, pH yake, muyeso wa asidi, cha pa 5.6. Wina ndi SO2, okusaidi wa salifa, fungo lija lotsamwitsa lomwe limatuluka poyatsa machesi. Malasha amakhala ndi salifa, ndipo akapsa salifayo amatuluka ngati SO2. Mpweyawu ukakumana ndi chinyontho, kaya cha m'mitambo kaya cha m'mapapo mwa munthu, umasanduka asidi. Kuyambira pomwe migodi ikuluikulu inayamba kutulutsa malasha mu 2011, anthu a kumeneko nkhani yawo yaikulu yakhala fumbi lakuda, lomwe limaoneka pa zovala zoyanika ndi paufa. Fumbi limaoneka, munthu amatha kuloza. Koma miyala ya salifa yofukulidwa ikakhala pamtunda n'kumanyowa ndi mvula imathanso kutulutsa madzi a asidi, ndipo ine ngati munthu wa zaulimi ndimafuna madzi a m'mitsinje ya kumeneko azipimidwa kawirikawiri, zotsatira zake zizimatidwa poti mlimi wa kudimba aziwerenge.

Pa ntchito yanga okusaidi ndimakumana nawo pathumba la feteleza. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano akagula 12-24-12 amadziwa kuti ndi wokulitsa, koma manambalawo ambiri amawatenga ngati dzina chabe. Loyambalo ndi naitrojeni. Lachiwiri ndi fosifolasi wowerengedwa ngati P2O5, lachitatu potaziyamu wowerengedwa ngati K2O. M'thumbamo okusaidi awiriwa mulibe, ndi kawerengedwe kakale komwe opanga feteleza sanakasiye. Ndiye kuti pa makilogalamu 50, fosifolasi weniweni ndi woposa pang'ono makilogalamu 5, potaziyamu pafupifupi 5. Bambo wina wachikulire nditamufotokozera zimenezi anakhala chete, kenako anati, "Achimwene, ndiye phulusa lomwe akazi anga amataya kudzala lija ndi feteleza?" Ndinati inde bambo, muli potaziyamu, ndipo limachepetsanso asidi m'nthaka. Minda yathu yambiri yatopa ndi yuriya wa chaka ndi chaka, nthaka yachita asidi, ndipo nthaka ikatero fosifolasi amagwidwa ndi chitsulo ndi aluminiyamu za m'dothi, mbewu osamupeza. Munthu amawonjezera thumba, zokolola osawonjezeka. Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda, mwala wongopera osawotcha, wofatsa kuposa njereza ya bambo ija. Phulusa limathandiza padimba laling'ono, pamunda wa hekitala silingakwane.

Chitsulo cha m'dothi ndatchulachi ndicho chimafiiritsa katondo wathu. Ndi Fe2O3, m'bale wake wa dzimbiri la pakhasu, kungoti dzimbiri limakhala litamwa madzi. Mukamadutsa pa uvuni wa njerwa tolani imodzi yosweka. Kunja kwake psuu, koma nthawi zina pakati pamakhala potuwa kapena pakuda. Kunjako okosijeni anafika wokwanira, pakatipo anaperewera, chitsulo n'kutsala pa okusaidi wina wakuda. Mabala akuda a pamphika wa agogo ndi nkhani yofanana, pomwe nkhuni zinagunda dothi n'kutsekereza mpweya.

Makolo athu Amaravi ankadziwa kuchotsa okosijeni m'mwala wa chitsulo kalekale, ndipo makasu awo ankagulitsidwa mpaka ku Tete. Ng'anjo ankaimanga ndi dothi, n'kusanja makala ndi miyala ya chitsulo mosinthanasinthana, mpweya ukulowera m'timipope tadothi pansi. Makala akamayaka mothinana chonchi, mpweya uli wochepa, kaboni satenga okosijeni awiri ayi, amatenga mmodzi. Umenewo ndiye CO. Ndipo CO amakhala ndi njala ya okosijeni wachiwiriyo, moti akamakwera m'ng'anjo amamulanda ku mwala wa chitsulo, iye n'kutuluka ngati CO2, carbon dioxide uja, pansi n'kutsala chibuma cha chitsulo choti osula akachisule. Khasu lililonse lachitsulo lomwe linalima dziko lino Azungu asanabweretse awo linabadwa ndi mpweya umenewu.

Mbaula m'chipinda chotseka ndi ng'anjo yaing'ono. Makala ofiira, opanda utsi, ndi amene akugwira ntchito imeneyi mwakachetechete, ndipo okosijeni akamachepa m'chipindamo CO amachulukirachulukira. Mwala wa chitsulo mulibemo, koma chitsulo chilimo, m'magazi mwa ogonawo. Chomwe chimanyamula okosijeni m'magazi, himogulobini, chili ndi chitsulo pakati pake, ndipo CO amakakamira pampando wa okosijeniwo mwamphamvu kuposa mwini wake maulendo opitirira 200. Munthu akupuma bwinobwino, mapapo akudzaza, koma magazi akuyenda opanda katundu. Ubongo ndi mtima ndizo zimayamba kuvutika. Alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa, saluma m'maso. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. SO2, yemwe ndi wa asidi, amakutsamwitsa n'kukutulutsa panja wekha. Njereza imalira mu mgolo. Wopanda mbali uja ndiye amabwera osagogoda.

Sindikuwada aphunzitsi anga. Zomwe ananena zinali zoona: CO sapanga mchere ndi asidi kapena besi m'madzi, ndipo dzina loti neutro limathera pomwepo. Maina a sayansi amasocheretsa ngakhale eni ake. Lavoisier, Mfalansa yemwe anapatsa okosijeni dzina mu 1777, analitenga ku Chigiriki ndi tanthauzo loti wobala asidi, poganiza kuti asidi aliyense ali ndi okosijeni. Mu 1810 Mngelezi Humphry Davy anaonetsa kuti klorini ndi elementi payokha, motero asidi wochokera ku mchere alibe okosijeni, koma dzina linakhala lomwelo. Chomwe ndimadandaula n'chakuti mutu umenewu unaphunzitsidwa nyengo yozizira, m'tauni yomwe ana ambiri a sukulu amagona m'tizipinda ta lendi ndi mbaula, ndipo chiganizo chimodzi chokha chinasowa. Mphindi imodzi ikanakwana, m'Chichewa, choko chili pansi: ana inu, CO ameneyu ndi amene ali m'mbaula yanu.

Ndiye ndimachinena ine. Msonkhano wa alimi ukachitika pakati pa May ndi August, tikatha za mbewu ndi manyowa, ndimapempha mphindi zisanu. Ndimati mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala afiire bwanji, ngakhale muwakwirire ndi phulusa. Jenereta nayonso malo ake ndi panja, kutali ndi zenera. Anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi akamva mutu ndi chizungulire nthawi imodzi, asayambe kuganiza za malungo kapena za anthu oipa, atsegule zitseko atuluke. Mukapeza munthu atakomoka, mutulutseni kaye, kenako kuchipatala, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Mkaka sumuchiza. Mayi mwini nyumba uja anayesa kutimwetsa mkaka pabwalo paja chifukwa cha chikondi, koma munthu wokomoka mkaka ungamutsamwe, ndipo m'magazi momwe muli vuto sufikamo. Pa mpweya wamba thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka la CO, pomwe pa okosijeni wa kuchipatala limatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Amayi ena amandiyankha kuti, "Alangizi, inu simudziwa kuzizira kwa kuno." Ndimakudziwa mayi, ndinakulira konkuno, m'munsi mwa phiri la Dómuè. Wothani moto panja kapena m'khitchini ya udzu yopita mphepo, funditsani ana, mwala wotentha wokulunga m'chiguduli ulowe m'mabulangete, koma moto utsale kunja.

Chaka chino mwana wanga wamkazi wayamba kalasi 9, ndipo naye akukhala pa lendi ku Ulónguè komweko. Ndinamupatsa kope lija kuti limuthandize. Patapita sabata anabwera nalo atatsegula pa tsamba lomwe lija, chala chili pa pensulo yofufutika. "Ababa, ofatsawa ndi ati?" Nkhani ya usiku uja ndinali ndisanamuuzepo. Tinakhala pakhonde mpaka kunada, amayi ake akumvetsera ali pakhomo la khitchini, sefuliya ili m'manja.

Lolemba ndinamuperekeza. Ndinayang'ana chipindacho, zenera lake, mpata wa pansi pa chitseko. Ndinakapeza eni nyumba n'kuwapempha kuti, "Mayi, mwanayu ndi wanu. Mukaona mbaula ikulowa m'chipindamo usiku, musachite kundiimbira foni, ingoitulutsani." Anavomera, n'kundiuza kuti mchemwali wawo anataya mdzukulu mwanjira yomweyo zaka zapitazo. Pobwerera ndinadzera pamsika n'kugula bulangete lachiwiri, lolemera, ndipo mtengo womwe ananditchulira sindinanenerere.